Ankolo akufunidwa pa uphungu, ndiye nkhani ya Wangari Maathai yabuka pa gulu

Mphwa wa Ankolo:
Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani, koma musathamangire kundiseka. Ankolo anga, aja anagwira ntchito yofufuza za nsomba ku Monkey Bay mpaka kupuma, anthu akumudzi ayamba kuwanyengerera kuti adzaime pa uphungu. Dzulo kunabwera madoda anayi, anakhala pakhonde kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka udzudzu kuwathamangitsa. Ine mtima sukuvomera. Munthu wazolowera sikelo, rula ndi kope lolembamo kutalika kwa chambo, ndale za kuno angazithe? Ali pa gulu pompano ndipo ndawauza kuti ndifunsa, ndiye yankhulani momasuka.

Wakabaza wa pa Mlatho:
Kkkkk achemwali, funso loyamba: ankolo ali ndi ndalama za zitenje? Ngati alibe, auzeni apitirize kupuma.

Msodzi wa ku Malombe:
Ine ndiyankhule mosapsatira. Bambo amenewo ndimawalemekeza, koma ndi omwe ankabwera padoko kudzatiuza kuti maso a ukonde wa nkacha achepa, tikupha ana a nsomba. Zinali zoona, sindikana. Koma munthu wonena zoona padoko savoteredwa. Wovoteredwa ndi uja amabwera nyanja itatsekedwa n'kumati musadandaule, ndikakuyankhulirani.

Madamu a Bayoloje:
Ndisanayankhe za ankolo, ndiloleni ndikuuzeni za mayi wina wa ku Kenya, chifukwa nkhani yake ndimaiphunzitsa ana anga a Fomu 3 chaka chilichonse ndipo ikufanana ndi zimene mwafunsazi. Dzina lake Wangari Maathai. Anabadwa pa 1 Epulo 1940 m'mudzi wa Ihithe, m'boma la Nyeri, kufupi ndi phiri la Kenya. Mwana wa alimi wamba. Anaphunzira kwa masisitere, n'kumaliza sekondale ku Loreto, Limuru, mu 1959. Mu 1960 anali m'gulu la achinyamata a ku Kenya amene anatumizidwa ku America kukaphunzira, pa dongosolo limene Tom Mboya, wandale wa ku Kenya, analimbikira. Digiri yoyamba ya bayoloje anaitenga ku Kansas mu 1964, yachiwiri ku Pittsburgh mu 1966.

Atabwerera kwawo anapeza ntchito imene anamulonjeza payunivesite ku Nairobi yapatsidwa kwa munthu wina. Anadzalowa pa khomo lina, ku dipatimenti ya zaziweto, kumene pulofesa wina wa ku Germany ankafuna womuthandiza pa ntchito ya maikulosikopu. Mu 1971 anatenga PhD, mkazi woyamba kuitenga kum'mawa ndi pakati pa Africa. Kafukufuku wake anali wa kakulidwe ka ziwalo zoberekera za ng'ombe. Mukumva? Osati mitengo, osati ndale. Ng'ombe. Pofika 1976 anali mkulu wa dipatimenti yonseyo.

Wakabaza wa pa Mlatho:
Ndiye za ng'ombe zinathera pa mitengo bwanji madamu?

Madamu a Bayoloje:
Pamenepo m'pamene ndimapakonda. Ankayenda m'midzi kutola nkhupakupa pa ng'ombe, pofufuza za matenda a chigodola. Wapita kukafuna nkhupakupa, koma maso akuona zina: ng'ombe zowonda nthiti zili pamtunda chifukwa msipu watha, mitsinje yofiira ndi dothi lokokoloka mvula ikagwa, mapiri ometedwa. Nthawi yomweyo anali m'bungwe la amayi la dziko lonse la Kenya, ndipo amayi akumidzi ankadandaula zofanana: nkhuni zili kutali, madzi akuphwa, ana akudya zosakhutitsa chifukwa zakudya zofuna moto wautali ngati nyemba anazisiya. Iye anaona kuti madandaulo atatuwo muzu wake ndi umodzi. Pa 5 Juni 1977 anadzala mitengo 7 ku Kamukunji, mumzinda wa Nairobi, ndipo ndi mmene bungwe lake lodzala mitengo la Green Belt Movement linayambira.

Mayi a Nazale ku Namwera:
Za nyembazo madamu mwandikhudza. Kuno kwathu mtolo wa nkhuni wafika poti munthu umawerenga kawiri usanateleke mphika wa nyemba kapena nandolo wouma. Ana anga amadziwa kuti nyemba n'za Lachisanu basi.

Che Mwalimu wa ku Makanjira:
Asalaam aleikum nonse. Madamu, zonsezi ndi zabwino, koma funso la mwana wathuyu ndi la ndale. Mayiyo atalowa ndale zinamuthera bwanji?

Madamu a Bayoloje:
Waaleikum salaam Che Mwalimu. Poyamba zinamuthera moipa, ndipo ankolo amve bwino apa. Mu 1982 mpando wa phungu kwawo ku Nyeri unatseguka. Lamulo linkafuna kuti asiye kaye ntchito ya payunivesite, ndiye anasiya. Atasiya, anamuuza kuti sangaime chifukwa cha nkhani ya kalembera wa mavoti. Anapita kukhoti, sizinathandize. Anabwerera kuyunivesite kukapempha ntchito yake, anamukana, n'kumutulutsanso m'nyumba ya yunivesite. Pulofesa, wa ana atatu, ukwati unali utatha kale mu 1979, anatsala wopanda ntchito, wopanda nyumba, wopanda mpando.

Mphwa wa Ankolo:
Mwaonatu! N'zimene ndikuopa ine. Ankolo ali ndi penshoni yawo yochepa ndi kanyumba ka malata. Kampeni ikadya zimenezi tidzawasunga ndani?

Wakabaza wa pa Mlatho:
Mudzawasunga inuyo achemwali, mphwa ntchito yake n'chiyani kkkk

Agogo a ku Mpondasi:
Ana inu, ine ndalemba mochedwa chifukwa foni ndimachita kubwereka maso a mdzukulu. Nkhani ya mayi ameneyu ndinaimva pa wailesi kalekale, nthawi imene ife kuno tinali pakamwa potseka. Madamu, auzeni za paki ija. Ndi imene inandichititsa kumukumbukira mpaka lero.

Madamu a Bayoloje:
Zikomo agogo. Mu 1989 boma la pulezidenti Daniel arap Moi linafuna kumanga nyumba ya nsanjika 60 mkati mwa Uhuru Park, malo amene anthu wamba a mu Nairobi amakapumirako osalipira. Pambali pake pakanaima chiboliboli cha Moi. Wangari anayamba kulemba makalata: ku boma, ku nyuzipepala, kwa akazembe, kwa amene ankafuna kuikapo ndalama. Aphungu anamunyoza m'Nyumba ya Malamulo, n'kumatenga za kutha kwa banja lake ngati chida. Moi mwiniwake anamudzudzula pagulu kuti sakuchita monga mkazi waulemu. Bungwe lake analithamangitsa mu ofesi ya boma imene linkagwiritsa ntchito, iye n'kulisamutsira m'nyumba mwake. Koma eni ndalama akunja anabwerera m'mbuyo, ndipo mu 1990 ntchitoyo inagwa. Pakiyo ilipo mpaka lero.

Taonani bwino: apa sanali phungu, sanali nduna, analibe ngakhale ofesi.

Msodzi wa ku Malombe:
Ndiye mwadziyankha nokha madamu. Ngati anagwetsa nsanjika 60 ali panja, uphungu ankaufuniranji? Ankolo akhale panja, azitiuza zoona ali panja. Akalowa mkati adzayamba kuyankhula ngati enawa.

Mnyamata wa ku Poly:
Ndikugwirizana ndi bambo a ku Malombe. Sayansi ndi ndale n'zosiyana magazi. Mu sayansi ukapeza kuti unalakwitsa umavomera, n'kusintha, ndipo anzako amakulemekeza. Mu ndale ukavomera kulakwa wadzikumbira dzenje. Wasayansi akalowa ndale, chimodzi chiyenera kufa, ndipo nthawi zambiri imafa ndi sayansiyo.

Che Mwalimu wa ku Makanjira:
Mwana wanga, ukunena ngati lamulo la masamu. Angela Merkel anali ndi udokotala wa sayansi, wa mu 1986, ndipo anatsogolera Germany kuyambira 2005 mpaka 2021. Ku Mauritius kuno kwathu ku Africa, Ameenah Gurib-Fakim, mayi wachisilamu wofufuza za mankhwala a m'zomera, anakhala pulezidenti mu 2015. Ine dzina lake ndimalitchula kwa makolo amene amafuna kukwatitsa ana ali Sitandade 7.

Mnyamata wa ku Poly:
Che Mwalimu, ndi ulemu wonse, mayi wa ku Mauritius anatula pansi udindo mu 2018 pa nkhani ya khadi la ndalama la bungwe lina. Musatiuze theka la nkhani.

Che Mwalimu wa ku Makanjira:
Zoona anatula, ngakhale iye ankakana kuti sanalakwe. Sindinati asayansi ndi angelo. Ndati khomo silinatsekedwe.

Wakabaza wa pa Mlatho:
Nanga Kamuzu sanali dokotala? Tinaona tokha.

Agogo a ku Mpondasi:
Iwe unaona chiyani, unali usanabadwe. Ife ndi amene tinaona. Koma pa za mitengo ndimupatse zake: pa 21 Januwale chaka chilichonse tonse tinkadzala, ana asukulu, a Payoniya, aliyense. Vuto linali loti tinkadzala chifukwa cha mantha, ndipo zambiri zinali bulugamu ndi malaina. Mantha atatha mu 1994, nkhwangwa zinalowa m'nkhalango ngati zachita kumasulidwa.

Koma ndikufuna kunena za 1992. Madamu andikonze ngati ndasokoneza. Mwezi wa Malichi chaka chimenecho, kutatsala masiku ochepa kuti kuno awerenge kalata ya maepiskopi m'matchalitchi pa 8, ku Nairobi amayi a akaidi a ndale anali atakhala pansi mu paki yomwe ija, akukana kudya, kufuna ana awo atulutsidwe. Wangari anali nawo. Apolisi anawamenya, iye mpaka kukomoka n'kukagonekedwa m'chipatala. Ine ndinkamva zimenezi chamunong'onong'o, wailesi ili pansi pa bulangete, ndikuganiza za Vera Chirwa amene nthawi imeneyo anali m'ndende ku Zomba. Ndinkati kani amayi angathe kukhala pabwalo n'kuuza boma kuti ayi.

Madamu a Bayoloje:
Simunasokoneze agogo. Malo amene anakhalawo mpaka lero amatchedwa Freedom Corner. Atawabalalitsa, amayiwo anasamukira ku tchalitchi cha All Saints chapafupi n'kupitiriza kwa miyezi, mpaka ana awo ambiri anatulutsidwa kumayambiriro kwa 1993.

Tsopano ndiyankhe bambo a ku Malombe ndi mnyamata wathu wa ku Poly, chifukwa funso lawo ndi lenileni. Ankaufuniranji uphungu? Ine ndimaona chonchi. Amayi ake ankadzala mbande imodzi imodzi, kuthirira ndi zitini, kutchinga mbuzi. Ndiye tsiku limodzi munthu wa mu ofesi amasaina pepala, nkhalango yathunthu n'kugawidwa kwa anzake a chipani. Zaka khumi za amayi zikutha ndi cholembera chimodzi. Ndi zimene zinachitika ku nkhalango ya Karura, m'mphepete mwa Nairobi. Pa 8 Januwale 1999 anapita kumeneko kukadzala mtengo pa malo olandidwawo, alonda olembedwa ganyu anamumenya m'mutu mpaka magazi. Munthu wotere akafika poti, cholembera chimenechi nanenso ndichigwireko, ine sindingamunene kuti wasiya sayansi. Sayansi yomweyo ndi imene inamulondolera kumene vuto likuchokera. Anayamba ndi nkhupakupa, nkhupakupa zinamufikitsa ku msipu, msipu ku dothi, dothi ku mitengo, mitengo kwa wogawa malo.

Msodzi wa ku Malombe:
Chabwino. Atachigwira cholemberacho anasaina chiyani?

Madamu a Bayoloje:
Kkkk bambo inu simutaya nyambo pachabe. Ndiyankha moona. Mu 1997 anaima pa uphungu ndi pa upulezidenti, anagwa ponse pawiri. Kutatsala pang'ono kuvota kunafalitsidwa mphekesera yoti wasiya mpikisano. Mu Disembala 2002, pamene otsutsa anagwirizana n'kugonjetsa chipani cholamula cha KANU, anapambana pa uphungu ku Tetu, dera la kwawo ku Nyeri, ndi mavoti 98 pa 100 alionse. Mu Januwale 2003 pulezidenti watsopano Mwai Kibaki anamupatsa udindo wa wachiwiri kwa nduna ya zachilengedwe. Wachiwiri, osati nduna. Munthu amene ankadziwa nkhalango za Kenya kuposa aliyense m'boma limenelo ankayankha kwa bwana. Mu Okutobala 2004 analandira uthenga woti wapata mphoto ya Nobel ya mtendere, mkazi woyamba wa mu Africa kuilandira, akadali wachiwiri yemweyo. Udindowo anakhala nawo mpaka 2005. Ndipo mu 2007 anthu a ku Tetu omwe aja anamukana. Anagwa pa chisankho cha chipulula, anaimira chipani chaching'ono, anagwanso.

Wakabaza wa pa Mlatho:
Eeeh! Nobel ali nayo m'manja koma kwawo n'kumugwetsa? Ndiye ankolo a rula ndi sikelo alimba?

Mnyamata wa ku Poly:
Ndi zimene ndimanena. Zimene timamukumbukira nazo zonse, paki, Karura, mitengo yoposa 30 miliyoni imene inali itadzalidwa pofika nthawi ya Nobel, anazichita asanalowe m'Nyumba ya Malamulo. Zaka zisanu za uphungu ndi mbali yopyapyala kwambiri ya moyo wake. Mundiuze lamulo limodzi limene anthu amati ili ndi la Wangari.

Madamu a Bayoloje:
Sindikutsutsa kuti mbiri yake yaikulu ili panja. Koma usaiwale kuti mu 2005 Kenya inakhazikitsa lamulo latsopano la nkhalango, lopatsa anthu okhala m'mphepete mwa nkhalango gawo pa kasamalidwe kake, iye ali mu unduna umenewo. Sindinena kuti analemba yekha. Ndikungoti mawu amene ankakuwa pa msewu kwa zaka 25 anadzamveka m'chipinda chimene malamulo amapangidwira. Komanso pali china: anakakhala phungu osasintha chilankhulo. Ankanenabe zosakoma, monga zoti bulugamu asadzalidwe m'mbali mwa mitsinje chifukwa amamwa madzi, pamene alimi ambiri ankaudalira pa ndalama. Mwina n'chifukwa china chimene anagwera. Koma kugwa uli chiimire ndi kugwa utagwada si chimodzi.

Mayi a Nazale ku Namwera:
Ine za Nyumba ya Malamulo sindizidziwa, ndiloleni ndinene za nazale, chifukwa ndi kumene ndinamukondera mayi ameneyu madamu atandifotokozera chaka chatha. Akuti akatswiri a zankhalango ankanena kuti amayi osaphunzira sangathe kufesa mitengo, pamafunika dipuloma. Iye anawauza amayiwo kuti chitani monga mumachitira ndi mbewu zina. Ndipo kandalama kankaperekedwa osati pa mbande yodzalidwa, koma pa mbande imene yapulumuka patapita miyezi. Pamenepo ndi pamene pali nzeru yonse.

Ife kuno timadzaza machubu mu Ogasiti ndi Seputembala, dothi la pansi pa mtengo kusakaniza ndi mchenga ndi manyowa owola bwino. Njere za msangu ndi mthethe timaziviika kapena kuzikhula pang'ono pa mwala kuti zimere msanga. Kuthirira m'mawa ndi madzulo, madzi ochokera pa mjigo, pamutu. Masabata angapo aliwonse kusuntha machubu ndi kudula mizu yotulukira pansi kuti isagwire nthaka. Kukatsala pang'ono kuokera timachepetsa madzi ndi kuchotsa mthunzi kuti mbande izolowere dzuwa. Miyezi inayi ya ntchito imeneyo.

Ndiye chaka china kunabwera bwana wina wofuna mpando, sindimutchula. Anagula mbande zathu ngolo yathunthu, mtengo wake tinachita kukanganirana. Anabwera ndi galimoto zitatu ndi wojambula. Anagwira khasu latsopano, pepala la mtengo likadali pa mpini, anakumba kamodzi, anajambulitsa atagwira kambande ka m'bawa, anasamba m'manja ndi madzi a m'botolo, n'kumapita. Zotsalazo anyamata anazikwirira mothamanga, zina ndi chubu chomwe osang'amba. Unali mwezi wa Malichi, mvula ikutsanzika. Pofika Juni ndinadutsapo, ndinapeza timitengo touma ngati zotokosera m'mano, mbuzi zikumaliza zotsala. Ndinalira ngati ndaferedwa.

Ndiye ngati ankolo ali munthu woti adzabweranso mu Juni kudzawerenga zimene zapulumuka, ine voti yanga atenge. Anthu owerenga ndi amene akusowa.

Mphwa wa Ankolo:
Mayi, kuwerenga kokha ndiye musakaike. Amawerenga ndi mazira a nkhuku zanga omwe.

Msodzi wa ku Malombe:
Mayi a ku Namwera mwayankhula bwino, koma mitengo ndi nsomba n'zosiyana pang'ono. Mtengo ukadzala pakhomo ndi wako. Nsomba ukaisiya lero kuti ikule, mawa aigwira mnzako. Makomiti a m'madoko anayamba kuno ku Malombe cha mu 1993, chambo chitayamba kale kusowa. Tinagwirizana za maso a maukonde, za nyengo yotseka. Zinayenda pang'ono. Koma komiti ikalanda ukonde wa munthu amene ali ndi m'bale wake wamkulu, foni imalira, ukonde umabwezedwa. Lero ena akukokera ndi neti za udzudzu, zogwira ndi mazira omwe. Tikudya kambuzi pamene makolo athu ankadya chambo chodzaza mbale. Ndiye mwina ndadzitsutsa ndekha, chifukwa foni imene imalirayo ndi ya andale. Ngati woimba foniyo atakhala munthu wodziwa kuti chambo chimasunga ana ake m'kamwa, ndipo ukachigwira nthawi imeneyo wapha mazana, mwina sangaimbe.

Madamu a Bayoloje:
Bambo, mwafika pa Karura yanu.

Mnyamata wa ku Poly:
Kapena adzaimba ndithu, chifukwa mwini ukondeyo ndi amene anamugulira mafuta a kampeni. Ine sindinasinthe maganizo. Ndipo tisamupange mayiyu woyera. Chaka cha Nobel chomwecho nyuzipepala ina ya ku Kenya inalemba kuti iye ananena kuti kachilombo ka HIV kanachita kupangidwa dala ndi asayansi akunja. Iye anadzakana kuti sakhulupirira zimenezo, koma nkhaniyo inamudetsa. Pa nsanja ya ndale pakamwa pamathamanga kuposa umboni.

Che Mwalimu wa ku Makanjira:
Wachita bwino kutchula, ndipo wachita bwino kunenanso kuti anakana. Koma mwana wanga, ukufuna munthu wopanda banga ndiye uvotere mwala. Ife ku Makanjira msewu wathu umadziwika ndi aliyense, mvula ikagwa timakhala ngati tili dziko lina. Sitikufuna mngelo. Tikufuna munthu amene akauzidwa kuti mlatho uwu sulimba, afunse kuti mwayeza bwanji.

Ankolo Opuma:
Ndawerenga zonse, kuyambira zitenje mpaka mazira a nkhuku. Zikomo nonse, ndipo mphwanga ndikuthokoze chifukwa wandinenera poyera m'malo mondinenera kuseri.

Ndinene zitatu, kapena ziwiri, ndiona. Choyamba, musandiyerekeze ndi mayi ameneyo, ndingachite manyazi. Iye anamenyedwa, anagona m'chitokosi kangapo. Ine chachikulu chimene ndinapirira ndi mwera pa boti ndi kutukwanidwa padoko, kawiri ndi bambo a ku Malombe omwewa.

Chachiwiri ndi chimene chikundisowetsa tulo. Zaka zonse zija ntchito yanga inali kuyeza. Timapita m'mawa, tikoke, tisankhe nsomba mtundu ndi mtundu, tiyeze kutalika, tiyeze kulemera, titumbule tione ngati yakhwima mazira. Manja ankanunkha mpaka mayi akunyumba anandipatulira sopo wangawanga. Manambalawo tinkalemba malipoti, malipoti ankapita ku likulu. Chaka chotsatira tiyezenso, nsomba zachepa, zafupika, tilembenso. Ndinakhala ngati munthu wolemba tsiku ndi tsiku mmene wodwala akuwondera, koma wopanda chilolezo chomupatsa mankhwala. Nditapuma ndinaganiza kuti mtima ukhala pansi. Sunakhale.

Koma zimene wanena mnyamata wa ku Poly n'zimene ndikuopa. Madoda anabwera dzulo aja, m'modzi mwa iwo ali ndi maukonde awiri amene ine ndikudziwa kuti ndi osaloledwa. Sananene kanthu, nanenso sindinanene kanthu, tinamwa thobwa. Usiku ndinadzifunsa kuti, kodi kukhala chete kumeneku si ndiye kuyamba kwake? Ndisanaime n'komwe ndameza kale mawu amodzi.

Agogo a ku Mpondasi:
Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, achimwene. Koma mukamuuze wa maukondeyo musanatenge fomu, osati mutatenga. Akakusiyani, mwadziwiratu.

Wakabaza wa pa Mlatho:
Ankolo mukaima ine ndidzakunyamulani ulere tsiku la msonkhano. Tsiku limodzi lokha, mafuta adula.

Mphwa wa Ankolo:
Ine ndikadali pomwe ndinali. Madamu atiuza okha kuti mayi uja anataya ntchito ndi nyumba mu 1982, anadikira zaka 20 kuti alowe, n'kutulutsidwanso patangotha zisanu. Ankolo zaka 20 alibe.

Madamu a Bayoloje:
Zoona achemwali, ndipo sindikuwakankha. Ndingomaliza nkhani ya mayiyu poti ndinaiyamba. Atagwa mu 2007 sanakhale pansi, anapitiriza za mitengo ndi zoteteza nkhalango ya ku Congo mpaka matenda a khansa anamutenga pa 25 Seputembala 2011 ku Nairobi, ali ndi zaka 71. Ananeneratu kuti asadzadule mtengo chifukwa cha bokosi lake. Ndiye analiluka ndi namasupuni ndi gumbwa, pa mafelemu a nsungwi.

Msodzi wa ku Malombe:
Namasupuni weniweniyu? Yemwe amatitsekera madoko mu Shire?

Madamu a Bayoloje:
Yemweyo. Kwawo amavutitsa pa nyanja ya Victoria.

Mayi a Nazale ku Namwera:
Koma amalimba? Ine ndimaona ngati zofewa zija zingaphwasuke.

Msodzi wa ku Malombe:
Ukaumitsa mapesi ake n'kuwapota amakhala chingwe ndithu. Ana amapangira zoseweretsa kuno.

Che Mwalimu wa ku Makanjira:
Ife Asilamu bokosi sitilidziwa n'kale, nsalu yoyera basi, ndiye pamenepo tinamutsogolera kkkk. Koma matabwa otchingira m'manda timadulabe mitengo, ndisanamizire.

Ankolo Opuma:
Agogo, ndamva. Loweruka ndipita kwa mwini maukonde uja ndekha, ndisanayankhe madoda. Bambo a ku Malombe, ngati muli ndi mpata mundiperekeze, inu mumadziwa kuyankhula nawo kuposa ine. Ndikatenga rula yanga yakale ija tikayeze maso a ukondewo iye akuona.

Msodzi wa ku Malombe:
Loweruka m'mawa ndimakhala ndikuwamba. Tipange chakumadzulo, cha m'ma 3. Koma rulayo muibise m'thumba kaye mpaka atipatse mpando.

Mphwa wa Ankolo:
Ndipita nawo. Wina ayenera kudzaona ngati mubwereko ndi mano onse.